Chindoko Chikafika mu Ubongo ndi Mumsana

M'mabanja ambiri a anthu oyankhula Chichewa ku Mbare, Mufakose, Mabvuku, Dzivarasekwa ndi Epworth, madera a mu Harare ndi pafupi naye m'dziko la Zimbabwe, munthu wamkulu akayamba kuiwalaiwala, kuyankhula zosagwirizana kapena kupsa mtima popanda chifukwa, abale sachedwa kupeza chonena. Ena amati ndi ukalamba, ena amati wachita misala, ndipo ena amanong'onezana kuti pali dzanja la munthu. Zonena zimenezi zimachititsa kuti funso limodzi lofunika lisafunsidwe, lakuti kodi munthuyu sadadwalepo chindoko zaka zambiri zapitazo, chomwe tsopano chafika mu ubongo kapena mumtsempha waukulu wa mumsana. Nkovuta kufunsa funso lotere kwa agogo kapena kwa mkulu wa mpingo, komabe pa matenda onse osokoneza ubongo ndi ochepa okha omwe angapezeke poyeza magazi pa mtengo wotsika, ndiponso omwe mankhwala ake akhalapo kuyambira m'zaka za m'ma 1940. Chindoko ndi amodzi mwa matenda ochepawo.

Matendawa amayamba ndi kachirombo kopyapyala ndi kopindikapindika kotchedwa Treponema pallidum, komwe Fritz Schaudinn ndi Erich Hoffmann adakaona koyamba ku Berlin m'chaka cha 1905. Kamalowa m'thupi pogonana, ndipo pakapita pafupifupi masabata atatu, pamalo pomwe kadalowera pamatuluka chilonda chimodzi cholimba m'mbali, chomwe kawirikawiri sichipweteka. Chilondacho chimapola chokha m'masabata atatu mpaka 6, kaya munthu wamwa mankhwala kapena ayi, kotero kuti aliyense amene wapaka mankhwala azitsamba kapena wamwa makapisozi angapo ogula pamsika amakhulupirira ndi mtima wonse kuti wachira. Kwa amayi chilondacho chimatha kukhala mkati, pakhomo la chiberekero, osaoneka nkomwe. Patapita masabata kapena miyezi ingapo pamabwera zidzolo zosayabwa zomwe zimafika mpaka m'zikhatho ndi pansi pa mapazi, mwanabele, kutentha thupi, zilonda m'kamwa, ndipo nthawi zina tsitsi limathothoka. Izinso zimatha zokha. Kenako matendawa amangoti zii, kwa ena zaka 5, kwa ena zaka 30, munthu akugwira ntchito, akumanga banja, akulera ana, osamva kupweteka paliponse.

Zomwe zimachitikira munthu wosalandira mankhwala zidadziwika bwino kuchokera ku Oslo, m'dziko la Norway, komwe pakati pa 1891 ndi 1910 dokotala Caesar Boeck adasunga odwala pafupifupi 2,000 osawapatsa mankhwala a mercury omwe ankagwiritsidwa ntchito panthawiyo, popeza ankaona kuti amavulaza kuposa kuchiza. Madokotala ena atawalondoloza anthuwo patadutsa zaka zambiri, adapeza kuti pafupifupi mmodzi mwa atatu aliwonse adafika pa gawo lomaliza la matendawa, lomwe limagwira khungu, mafupa, mtima kapena ubongo, ndipo kuti pa anthu 100 aliwonse pafupifupi 7 adagwidwa mu ubongo kapena mumsana, amuna kuposa akazi. Kafukufuku wina, wa ku Tuskegee m'chigawo cha Alabama ku America, adachitika kuyambira 1932 mpaka 1972, ndipo amuna akuda pafupifupi 400 adanamizidwa ndi kumanidwa mankhwala ngakhale penicillin atapezeka kale. Imeneyo idali nkhanza yomwe sayansi siyingaiikire kumbuyo, ndipo ndi chimodzi mwa zifukwa zomwe lero palibe amene angaloledwe kungoyang'anira wodwala chindoko osamuchiza.

Kwa ife a ku Harare nkhaniyi ili ndi mbiri yakeyake. Makolo athu ambiri adabwera ku Salisbury (dzina lakale la Harare), m'mapulazi a fodya ndi m'migodi kudzera mwa Mthandizi, bungwe lolemba anthu ntchito, kapena pa malole onyamula anthu mwaulere otchedwa Ulere, atasiya akazi awo ku Nyasaland, ndipo moyo wa m'makomboni udapereka mpata waukulu kuti matenda opatsirana pogonana afale. Boma la atsamunda lidayankha pokakamiza akazi akuda olowa m'matauni kuti aziyezedwa kumaliseche, mchitidwe womwe anthu adautcha chibeura, ndipo manyazi omwe adabwera ndi mchitidwewu sadathe ndi kutha kwa ulamulirowo. Koma odwala omwe akufika m'zipatala lero si a m'badwo umenewo okha. Ambiri adatenga chindoko m'zaka za m'ma 1990 ndi 2000, pomwe maso onse adali pa Edzi, ndiponso pomwe chuma chidagwa mpaka zipatala zambiri kusowa mankhwala m'chaka cha 2008. Bungwe la WHO lidati m'chaka cha 2022 chokha anthu pafupifupi 8 miliyoni a zaka 15 mpaka 49 adatenga chindoko pa dziko lonse, ndipo kafukufuku wa ZIMPHIA wa 2015 ndi 2016 kuno ku Zimbabwe adapeza kuti matendawa ndi ochuluka kwambiri pakati pa anthu omwe ali ndi HIV kuyerekeza ndi omwe alibe.

Ngakhale nkhani ino ikukamba makamaka za gawo lomaliza, nkoyenera kudziwa kuti kachiromboka sikadikira zaka zambiri kuti kafike ku ubongo. Kamalowa m'madzi ozungulira ubongo ndi msana m'masabata oyambirira, ndipo mwa anthu ambiri chitetezo cha m'thupi chimakachotsamo popanda chizindikiro chilichonse. Mwa ena kamatsala, ndipo m'chaka choyamba kapena chachiwiri kamatha kuyambitsa matenda oumitsa khosi, ndi mutu waukulu, kusanza, kuona zinthu ziwiriziwiri kapena kukhota pakamwa. Munthu yemwe ali ndi HIV, makamaka ngati chiwerengero chake cha CD4, maselo oteteza thupi, chili pa 350 kapena kutsika ndipo sakumwa ma ARV, ali pa chiopsezo chachikulu cha zimenezi.

Pakati pa zaka 5 ndi 10 kuchokera pomwe munthu adatenga matendawa, kachiromboka kamatha kutupitsa makoma a mitsempha yopititsa magazi ku ubongo mpaka njira ya magazi kuchepa ndi kutsekeka. Zotsatira zake ndi sitiroko, kufa dzanja ndi mwendo mbali imodzi kapena kulephera kuyankhula, mwa munthu wa zaka 35 kapena 40 yemwe alibe BP, alibe shuga ndipo sasuta. Chomwe chimasiyanitsa sitiroko imeneyi ndi yanthawi zonse nchakuti nthawi zambiri imachenjeza: kwa masabata kapena miyezi wodwala amadandaula za mutu, chizungulire ndi kusowa tulo, ndipo a m'nyumba amaona kuti khalidwe lake lasintha. Pa chifukwa chimenechi, munthu aliyense wachinyamata amene wadwala sitiroko ayenera kuyezedwa chindoko ndi HIV, ngakhale akhale wolemekezeka chotani.

Mtundu womwe umasweka nawo mitima m'mabanja ndi womwe madokotala amautcha general paresis, pomwe kachiromboka kamadya ubongo weniweniwo, kawirikawiri patatha zaka 10 mpaka 25. Umayamba pang'onopang'ono. Bambo yemwe ankasunga bwino ndalama za bungwe la maliro amayamba kusokoneza mabuku, amaiwala mayina a adzukulu, amatukwana pagulu, kapena amavala zovala zosachapa kupita nazo ku tchalitchi osaona cholakwika. Ena amayamba kudzitama kuti ali ndi mabasi kapena mapulazi pomwe alibe kanthu, koma ambiri amangokhala okhumudwa, osayankhula, osafuna kudya. Milomo ndi lilime zimanjenjemera, mawu amatuluka mokokeka, siginecha imasintha, ndipo pamapeto pake pamabwera khunyu, kulephera kuyenda ndi kudziyipitsira pogona. Popanda mankhwala wodwala wotere ankamwalira m'zaka zochepa, ndipo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800 anthu otere adali gawo lalikulu la ogonekedwa m'zipatala za amisala ku Ulaya. Umboni wakuti misala imeneyi imachokera ku chindoko udapezeka mu 1913, pomwe Hideyo Noguchi adaona kachiromboka mu ubongo wa anthu omwe adamwalira nayo. Mu 1917 Julius Wagner-Jauregg wa ku Vienna adayamba kubaya odwalawa magazi a munthu wa malungo kuti kutentha thupi kuphe kachiromboka, kenako nkuwachiza malungowo ndi kwinini, ndipo adalandira mphoto ya Nobel mu 1927. Kwa ife omwe tidaika m'manda abale chifukwa cha malungo, njira imeneyi ikuonetsa kukula kwa kusowa pogwira komwe kudalipo penicillin asadabwere. Odwala ena ankafa ndi malungo omwewo. Lero munthu wa zaka 45 kapena 55 amene wayamba misala kwa nthawi yoyamba m'moyo wake sayenera kungopatsidwa mankhwala ogonetsa ku Annex, gawo la matenda a maganizo la chipatala cha Parirenyatwa, kapena ku wodi ya matenda a maganizo ku Sally Mugabe Central Hospital magazi ake asadayezedwe, ndipo abale ali ndi ufulu wofunsa ngati kuyezako kwachitika.

Mtundu wochedwetsetsa ndi tabes dorsalis, womwe umatha kudikira zaka 20 kapena kuposerapo. Pano chomwe chimaonongeka ndi mbali ya kumbuyo ya mtsempha wa mumsana, yomwe imauza ubongo pomwe phazi laponda ndi momwe bondo lapindikira. Mphamvu m'miyendo imakhalapo ndithu, koma munthu sadziwa komwe mapazi ake ali pokhapokha akuwayang'ana. Ndiye amayenda atatangadza miyendo, akuponda mwamphamvu, maso ali pansi. Patapata amavuka iye osadziwa. Masana amayenda bwinoko, koma magetsi akazima usiku amadzandira kapena kugwa popita kuchimbudzi, ndipo m'mawa akawerama pa beseni nkutsinzina kuti asambe kumaso amapepesuka mpaka kugwira khoma. Dokotala amayesa chomwechi pomuimiritsa wodwala mapazi ali pamodzi ndi kumuuza kuti atsinzine, njira yomwe imatchedwa ndi dzina la Moritz Romberg. Akamenya pa bondo ndi kanyundo, mwendo sudumpha. Akawalitsa tochi m'maso, mwana wa diso, yemwe amakhala wamng'ono kale ndi wosazungulira bwino, sachepa, koma amachepa wodwala akayang'ana chala chomwe chayandikitsidwa pa mphuno. Chizindikiro chimenechi adachifotokoza ndi Douglas Argyll Robertson wa ku Edinburgh mu 1869, ndipo chikapezeka pamodzi ndi zinazi, chindoko chiyenera kuganiziridwa msanga.

Ululu wa tabes ndi wachilendo. Umabaya mwadzidzidzi m'mwendo ngati mphezi, kwa kamphindi kochepa, nkusiya, nkubweranso pamalo pomwepo kapena pena, ndipo ukhoza kuchita zimenezi kwa maola kapena masiku. Anthu ambiri akamva zotere amati adaponda mankhwala panjira, ndipo amatha miyezi akuyenda kwa asing'anga ndi kwa aneneri. Pomwe ululu wobayawo ulipo, ululu wochenjeza thupi umatha, kotero kuti bondo kapena kakolo amatha kuphwanyika mkati ndi kutupa kwambiri popanda kupweteka, zomwe Jean-Martin Charcot adazilemba ku Paris mu 1868, ndipo pansi pa phazi pamatha kubooka chilonda chakuya chomwe mwini wake sakuchimva. Chikhodzodzo chimadzaza munthu osazindikira mpaka mkodzo kumangodontha, ndipo amuna amatha mphamvu kuchipinda. Odwala ena amagwidwa ndi kupotokola kwa m'mimba koopsa ndi kusanza kosalekeza kwa masiku angapo, ndipo mabuku a zachipatala ali ndi nkhani za anthu omwe adang'ambidwa pamimba madokotala osapezamo kanthu. Chovuta kuno kwathu nchakuti dzanzi ndi kubaya m'mapazi zimabweranso ndi shuga, mowa, kusowa vitamini B12, HIV, mankhwala a TB otchedwa isoniazid, ndi stavudine yemwe ankapezeka m'ma ARV akale, ndipo dokotala akapeza chimodzi mwa izi nkosavuta kuti asiye kufufuza.

Palinso maonekedwe ena osowa omwe amasocheretsa ngakhale akatswiri. Chindoko chimatha kupanga chotupa chofewa mu ubongo kapena pa zokuta zake, chotchedwa gumma, chomwe pa sikani chimaoneka mofanana ndi khansa, chotupa cha TB, kapena toxoplasmosis yomwe imagwira anthu a chitetezo chochepa. Chotupa chimenechi chimatha kusungunuka ndi penicillin popanda mpeni. Chimatha kutupitsa mbali za ubongo zosunga chikumbumtima cha zinthu zatsopano, munthu nkuyamba kukomoka ndi kusokonezeka m'masiku ochepa, mofanana ndendende ndi matenda a ubongo obwera ndi kachirombo ka herpes. Chimatha kufotetsa minofu ya m'manja pang'onopang'ono mpaka dokotala kuganiza za motor neurone disease, matenda omwe alibe mankhwala, ndipo chimatha kuumitsa miyendo yonse iwiri mofanana ndi TB ya msana. Nthawi zina chimatseka njira za madzi a mu ubongo, kapena kuyambitsa kunjenjemera kofanana ndi kwa matenda a Parkinson. Kuopsa kwa kusokoneza kotere nkwakuti wodwala amauzidwa kuti matenda ake ndi osachizika pomwe ndi ochizika.

Maso ndi makutu ziyenera kutchulidwa pazokha chifukwa nthawi yake ndi yochepa. Chindoko chimatha kugwira diso pa gawo lililonse la matendawa: diso limafiira, limaopa kuwala, munthu amaona timadontho toyandama kapena chifunga, ndipo mtsempha wa diso ukafota kuona sikubwereranso. Mankhwala odontheza m'maso a steroid amatha kuziziritsa kufiirako kachirombo kakupitiriza kuononga, nchifukwa chake kutupa kwa mkati mwa diso kosadziwika chiyambi chake kumafunika kuonedwa ndi akatswiri, monga a ku Sekuru Kaguvi Eye Hospital, ndi kuyezedwa magazi. M'khutu chimabweretsa kulira kosalekeza, chizungulire ndi kugontha kwadzidzidzi, mbali imodzi kapena zonse. Chindoko cha m'maso ndi cha m'khutu chimachizidwa ngati cha mu ubongo, ngakhale madzi a pamsana atapezeka kuti ali bwino.

Kupeza matendawa kumayamba ndi magazi, ndipo pali magulu awiri a kuyeza omwe ayenera kuwerengedwa pamodzi. Gulu loyamba, monga TPHA, TPPA ndi kuyeza kwachangu kobaya pachala komwe amayi oyembekezera amakudziwa kusikelo, limaonetsa kuti thupi lidakumanapo ndi kachiromboka, ndipo mwa anthu ambiri zotsatira zake zimakhala choncho moyo wonse ngakhale munthu atachira. Gulu lachiwiri, RPR ndi VDRL, limapereka nambala monga 1:8 kapena 1:64, yomwe imakwera matenda akakhala amphamvu ndi kutsika munthu akachizidwa. Misampha yake ndi ingapo. M'gawo lomaliza, makamaka mu tabes, RPR imatha kutsika yokha mpaka kusaonetsa kanthu mwa odwala ena, choncho kuyeza RPR yokha sikokwanira kunena kuti munthu alibe chindoko. Nthawi zina asilikali a m'magazi amachuluka kwambiri mpaka kusokoneza kuyezako, zotsatira nkutuluka ngati palibe matenda pokhapokha a ku labotale atasungunula magaziwo ndi kuyezanso, ndipo dokotala wokayika ayenera kupempha zimenezi. Mbali inayi, RPR imatha kuonetsa matenda omwe palibe mwa mayi woyembekezera, wodwala malungo kapena wokalamba. Palinso nkhani ya njovera, mtundu wa chindoko chosapatsirana pogonana chomwe chinkafala pakati pa ana m'midzi ina ya dziko lino ndipo R. R. Willcox adachilemba mu 1951. Nkhalamba yomwe idadwala matenda otere ili mwana ikhoza kupezeka ndi chizindikiro m'magazi mpaka lero. Pa zifukwa zonsezi, zotsatira za magazi sizinena kuti munthu adatenga liti matendawa kapena kwa yani, ndipo si umboni woweruzira mlandu wa banja.

Magazi akaonetsa chindoko ndipo munthu ali ndi zizindikiro za mu ubongo kapena mumsana, chotsatira ndi kutenga madzi a pamsana. Apa ndi pomwe mabanja ambiri amakana, chifukwa mbiri idafala yakuti munthu akachotsedwa madzi a pamsana sabwerera kunyumba. Mbiri imeneyi idakula m'zaka zomwe Edzi inkapha anthu ambiri, pomwe odwala ankafika kuchipatala matenda oumitsa khosi obwera ndi kachirombo kotchedwa cryptococcus atawafooketsa kale, ndipo ankamwalira ndi matendawo, osati ndi singano. Zomwe zimachitika ndi izi: wodwala amagona cham'mbali atapinda maondo kufika pachifuwa, dokotala amapukuta pamsana ndi mankhwala opha tizirombo, amabaya mankhwala ochititsa dzanzi, kenako amalowetsa singano yopyapyala pakati pa mafupa a m'chiuno, pansi pa pomwe mtsempha waukulu wa mumsana umathera, kotero kuti singanoyo siikhudza mtsemphawo. Madzi oyera amadontha m'timabotolo, pafupifupi mamililita 10, pomwe thupi limapanga pafupifupi mamililita 500 tsiku lililonse. Vuto lomwe limachitika kawirikawiri ndi mutu wa masiku ochepa womwe umachepa munthu akagona. Ngati pali chikayiko chakuti mu ubongo muli chotupa, sikani imayamba kaye.

Kuwerenga zotsatira za madziwa kumafuna nzeru. VDRL ikaonetsa matenda m'madzi omwe sadasakanikirane ndi magazi, nkhani yatha, ndi chindoko cha mu ubongo. Koma ikapanda kuonetsa sizitanthauza kuti mulibe, chifukwa kuyezaku kumaphonya odwala ambiri. Dokotala amayang'ananso maselo oyera, omwe akapitirira 5 pa microlitre imodzi amasonyeza kutupa, ngakhale kuti mwa munthu wa HIV ambiri amagwiritsa ntchito malire a 20 popeza HIV payokha imakweza maselowa. Amayang'ana kuchuluka kwa puloteni, ndipo komwe kuli kotheka amayeza FTA-ABS kapena TPPA m'madziwo, zomwe zikapanda kuonetsa kanthu zimachepetsa kwambiri mwayi wakuti ndi chindoko. Kuno ku Harare madzi omwewo ayenera kuyezedwanso cryptococcus ndi TB, chifukwa matendawa ndi ofala kwambiri ndipo munthu mmodzi akhoza kukhala ndi awiri nthawi imodzi. Pomwe kuyeza kwina kulibe kapena banja silingakwanitse kulipira sikani, dokotala amene waona magazi oonetsa chindoko pamodzi ndi zizindikiro zogwirizana nacho amachita bwino kuchiza kusiyana ndi kudikira, chifukwa kuopsa kwa masabata awiri a penicillin nkochepa poyerekeza ndi kutaya maso kapena nzeru.

Pa chithandizo pali mfundo imodzi yomwe odwala ndi abale ayenera kuigwiritsitsa. Jakisoni wa benzathine penicillin wa mayunitsi 2.4 miliyoni, yemwe amabayidwa m'thako ku kiliniki ya khonsolo munthu akabwera ndi chilonda kumaliseche, ndi wabwino kwambiri pa chindoko chongoyamba kumene, ndipo akabayidwa kamodzi pa sabata kwa masabata atatu amachiza chindoko chobisala cha nthawi yaitali. Koma jakisoni ameneyu amatulutsa mankhwala pang'onopang'ono, ndipo omwe amafika m'madzi a mu ubongo ndi ochepa kwambiri moti sangaphe kachiromboka. Munthu amene chindoko chamufika mu ubongo, mumsana, m'maso kapena m'khutu amafunika penicillin wa mtundu wina, wosungunuka m'madzi, wolowa mumtsempha: mayunitsi 3 mpaka 4 miliyoni maola anayi aliwonse, kutanthauza 18 mpaka 24 miliyoni pa tsiku, kwa masiku 10 mpaka 14. Maola anayi aliwonse akutanthauza usana ndi usiku womwe, kasanu ndi kamodzi pa tsiku, popeza penicillin ameneyu sakhalitsa m'magazi, ndipo wodikirira wodwala m'wodi amathandiza kwambiri akamaonetsetsa kuti kapaipi ka pamkono sikadatseke ndi kukumbutsa mwaulemu nthawi ya usiku ikakwana. Madokotala ambiri amawonjezera jakisoni wa benzathine kamodzi mpaka katatu masiku a diripi akatha. Chiyambireni pomwe John Mahoney adachiza chindoko ndi penicillin mu 1943, kachiromboka sikadapimebe mankhwalawa, pomwe azithromycin adaleka kudalirika m'maiko ambiri.

Pomwe kugonekedwa nkosatheka, pali njira zina zovomerezeka. Ina ndi procaine penicillin wa mayunitsi 2.4 miliyoni wobaya mumnofu tsiku lililonse pamodzi ndi mapiritsi a probenecid a 500 mg kanayi pa tsiku, omwe amachedwetsa impso kutaya penicillin, koma probenecid sapezeka mosavuta ndipo popanda iye njirayi siigwira. Ina, yomwe ndi yophweka m'zipatala zathu, ndi ceftriaxone, galamu imodzi kapena awiri kamodzi pa tsiku kwa masiku 10 mpaka 14, ngakhale kuti umboni wake ndi wocheperapo poyerekeza ndi wa penicillin. Anthu ambiri omwe amati thupi lawo silimvana ndi penicillin amakhala kuti adangotuluka zidzolo ali ana, choncho nkhaniyi iyenera kufufuzidwa bwino, ndipo ngati vutolo ndi lenileni madokotala amatha kuzoloweza thupi poyamba ndi timilingo tating'ono kwambiri wodwala ali m'chipatala. Kwa mayi woyembekezera penicillin ndiye mankhwala odalirika pochiza mayi ndi mwana yemwe.

M'maola 24 oyamba a chithandizo wodwala amatha kutentha thupi, kunjenjemera, kumva mutu ndi kuphwanya m'thupi, ndipo zizindikiro zake zakale zimatha kukula kwa kanthawi. Zimenezi zimatchedwa Jarisch-Herxheimer, ndipo zimachitika chifukwa tizirombo tambiri tikufa nthawi imodzi. Si chizindikiro chakuti mankhwala amukana wodwala, ndipo abale ayenera kuuzidwa zisadachitike kuti asamutulutse m'chipatala ndi mantha. Malangizo a ku Britain amalimbikitsa kupereka prednisolone kwa masiku atatu kuyambira tsiku limodzi penicillin asadayambe, pofuna kuteteza maso, makutu ndi ubongo ku kutupa kumeneku, pomwe malangizo a ku America sakakamiza zimenezi.

Zomwe banja lingayembekezere ziyenera kunenedwa mosabisa. Penicillin amapha kachirombo ndi kuimitsa kuonongeka, koma sabwezeretsa mitsempha yomwe idafa. Matenda oumitsa khosi, gumma ndi kutupa kwa m'maso komwe kwapezeka msanga zimachira bwino. Wa sitiroko amatetezedwa ku sitiroko ina, koma dzanja ndi mwendo zimadalira mafizo. Wa general paresis amene wapezeka koyambirira akhoza kubwerera ku nzeru zake pang'ono kapena kwambiri, pomwe wopezeka mochedwa amangoleka kuipiraipira. Mu tabes kuyenda kodzandira kawirikawiri kumatsala, ndipo ululu wobaya umatha kupitirira zaka, kufuna mankhwala monga amitriptyline, carbamazepine kapena gabapentin, ndodo yoyendera, nyali yoyaka usiku, ndi kuyang'ana pansi pa mapazi tsiku lililonse. Wodwala ayenera kubwerera kukayezetsa RPR miyezi ingapo iliyonse kwa zaka ziwiri, ndipo chomwe dokotala amafuna kuona ndi nambala kutsika kanayi, mwachitsanzo kuchoka pa 1:32 kufika pa 1:8. Nchifukwa chake nambala yoyamba iyenera kulembedwa m'buku la kuchipatala la wodwala ndi kusungidwa, chifukwa popanda iyo zotsatira za mtsogolo zilibe poziyerekeza. Nambala ikakana kutsika kapena zizindikiro zikabwerera, madzi a pamsana amayezedwanso, ndipo kuchira kamodzi sikuteteza munthu kuti asatengenso matendawa.

Osamalira wodwala wa gawo lomaliza sayenera kuopa kumusambitsa, kudya naye mbale imodzi kapena kuchapa zovala zake, popeza chindoko chimapatsirana pogonana makamaka m'chaka choyamba kapena chachiwiri, pomwe pali zilonda ndi zidzolo. Komabe mkazi kapena mwamuna wake ayenera kuyezedwa, chifukwa mwina adatenga kalekale ndipo mwa iye matendawa akadali chete. Ngati mayi apezeka nawo, ana ake nawonso ayezedwe, makamaka ngati m'banjamo mudachitika kupita padera mobwerezabwereza kapena kubereka ana akufa, chifukwa mayi amatha kupatsira mwana ali m'mimba kwa zaka zingapo atatenga matendawa, ndipo mwana wobadwa nawo akhoza kukula bwino mpaka zaka za kusukulu kenako nkuyamba kugontha, kuchita chifunga m'maso kapena kubwerera m'mbuyo m'kalasi. Kuyeza magazi kumeneku kungayambire ku kiliniki ya khonsolo ya m'dera lomwe banjalo likukhala, ndipo amene wapezeka ndi zizindikiro za mu ubongo, mumsana, m'maso kapena m'khutu apemphe kalata yomutumiza ku chipatala chachikulu m'malo molandira jakisoni wa m'thako yekha.